Ndinkafuna ufumu m'dzina la Phiri, ndinapezamo ngongole

Bambo anga anamwalira mu June 2017, ndipo tinakawaika kumudzi kwa amayi awo, kufupi ndi Linthipe m'boma la Dedza. Usiku wa pasiwa, amayi a mvano atapumira kuimba, kunamveka mawu a gogo wina akulira m'nyumba: "Mbewe wanga ine! Wandisiya ndi yani, Mbewe!" Ndinafunsa msuweni wanga kuti akulira chonchowo ndani. Anati ndi Anambewe, mlongo wawo wotsiriza wa agogo aamuna, abwera kuchokera kutsidya. Ine mumtima ndinangoti ukalamba wawasokoneza. Bambo anali Phiri, agogo anali Phiri, ine ndi ana anga tonse ndife a Phiri. Nkhaniyo ndinaisiya pomwepo pamaliro.

Yankho limene ndinadzalifunafuna kwa zaka ziwiri ndinali nditalimva kale usiku umenewo, kwaulere.

Patapita miyezi ingapo mwana wanga wamkulu anabwera ndi ntchito ya kusukulu yoti alembe mbiri ya banja lake. Anandifunsa kuti Phiri wathuyu anachokera kuti, ine n'kumuuza zimene aliyense amadziwa: kuti Amaravi anachokera ku Uluba, m'dziko limene lero ndi Congo; kuti mafumu awo, a Kalonga, anali a mfunda wa Phiri ndipo likulu lawo linali ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka; kuti a Banda ndiwo ankasunga za mvula ndi za kachisi, monga Makewana wa ku Msinja. Mwanayo anamvetsera, kenako anati, "Ndiye ifeyo ndi zidzukulu za Kalonga?" Ndinati eya. Ndinayankha msanga chifukwa inenso ndinkafuna kuti zikhale choncho. Bambo anali atapita, ndipo ndinali ndi njala yoti ndigwire chinachake chachikulu chimene anandisiyira.

Njala imeneyo ndi imene inandigwetsa m'manja mwa munthu wina amene ndinakumana naye pa Facebook. Ankalemba bwino za mbiri ya Achewa, ankatchula mafumu a Amaravi monga a Undi, a Lundu, a Kaphwiti ngati anadya nawo nsima. Nditamulembera, anandifunsa dzina la bambo, la agogo ndi boma lathu, basi. Anati ndimutumizire K45,000 yoyendera. Patatha masabata awiri ananditumizira pa WhatsApp pepala lokongola, la mayina 14 otsetsereka kuchokera pamwamba mpaka pansi: Kalonga anabereka uyu, uyu anabereka uyu, mpaka kudzafika pa agogo, bambo ndi ine. Ndinalisindikiza, ndinaliika m'feremu, ndinalipachika pabalaza. Mkazi wanga anangofunsa kuti, "Munthuyu kumudzi kwanu anafikako?" Ndinamuyankha mwaukali kuti anthu ophunzira ali ndi njira zawo.

Munthu amene sanafunse dzina la mudzi wanu, la mfumu yanu, kapena la amayi ake a agogo anu, sangakupezereni makolo. Izi lero ndikuziona poyera, koma nthawi imeneyo maso anali pa feremu.

Mu August 2018 ndinapita ku Kulamba, ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, kumene Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakasonkhana kwa Kalonga Gawa Undi. Ulendowo sindinong'oneza nawo bondo ngakhale unandidyera ndalama pafupifupi K90,000. Gule yekha amene ndinaona kumeneko anakwana. Chimene chimandichititsa manyazi n'chakuti pepala lija ndinalitenga, n'kumalionetsa kwa aliyense amene wandipatsa moni.

Pobwerera, m'basi yochokera ku Chipata, ndinakhala pafupi ndi bambo wina wachikulire, mphunzitsi wopuma wa ku Mchinji. Nawonso ndinawaonetsa. Anavala magalasi, anatsata mayinawo ndi chala mpaka pansi, anabwereranso pamwamba, kenako anandifunsa modekha:

"Achimwene, ndiye kuti onsewa ndi bambo ndi mwana wake, bambo ndi mwana wake?"

"Eya, abambo."

"Pepani. Mwana wa Kalonga sankakhala Phiri."

Anafotokoza pang'onopang'ono, monga amachitira aphunzitsi akale. Kalelo Mchewa ankatenga mfunda wa mayi ake. Mkazi wamkulu wa Kalonga, Mwali, ankachokera kwa a Banda, choncho ana ake anali a Banda. Ufumu sunkapita kwa mwana wobereka. Unkadutsira kuchikazi, kwa Nyangu, amene ankakhala mayi kapena mlongo wa Kalonga, ndipo wolowa m'malo ankakhala mphwake kapena mbale wa bere limodzi. Zotenga mfunda wa bambo zinafala pambuyo pake m'madera ambiri, makamaka kumene Angoni anakhazikika, ndipo ngakhale liwu loti chiwongo n'lochokera ku Chingoni. Kwanu ku Dedza, anatero, Angoni a Maseko anadzamanga pafupi pomwepo ku Domwe cha m'ma 1870, ndiye musadabwe kuti inu mumawerengera kuchimuna. Koma mzere wa amuna okhaokha wochokera kwa Kalonga, aliyense ali Phiri, wotero anachita kukupekerani.

Ndinakhala chete kuchokera pa chipata cha Mwami mpaka ku Namitete. Poyamba ndinawakwiyira bambowo, kenako ndinakwiyira munthu wa pa Facebook uja, ndipo pofika mu Lilongwe ndinali nditatsala ndi mwini mlandu weniweni. Nditamulembera munthuyo kumufunsa za Mwali, anawerenga uthengawo n'kunditsekera. Feremu ndinaichotsa usiku ana atagona. Mkazi wanga sananene kanthu, ndipo kukhala chete kwakeko kunandiwawa kuposa mawu.

Munthu wanzeru akanapita kumudzi tsopano. Ine ndinapita ku Zomba. Ndinaganiza kuti poti munthu wandinamiza, mapepala a boma sanama. Mu February 2019 ndinatenga masiku atatu a tchuthi n'kukafika ku National Archives. Ogwira ntchito kumeneko anandilandira bwino, koma funso lawo loyamba linandivula: mukufuna mafayilo a chaka chiti, a nkhani yanji, a dera la mfumu iti? Ine ndinali ndi liwu limodzi lokha, Phiri. Zili ngati kufika mumsika wa Lizulu n'kunena kuti mukufuna mayi wogulitsa mbatata.

Dziwani izi musanakwere basi. Zimene zili kumeneko zambiri ndi makalata ndi malipoti a boma la atsamunda, m'Chingerezi: za msonkho, za milandu, za malire a mafumu, za anthu opita kunja kukagwira ntchito. Mayina amene amapezeka kawirikawiri ndi a mafumu ndi a anthu amene anakumana ndi boma pa chifukwa china. Kaundula wa ana onse obadwa m'midzi kunalibe, chifukwa nthawi imeneyo kulembetsa mwana sikunali kokakamiza kwa anthu akuda. Ngati agogo anu anali mlimi wamba, simukawapeza pongotchula mfunda. Ndinawerenga masiku awiri za momwe amuna a m'chigawo chapakati ankakhamukira ku Southern Rhodesia ndi ku migodi ya ku Johannesburg pofuna ndalama ya msonkho, ndipo ndinabwerera ndikuona ngati K110,000 yapita m'madzi. Zimene ndinawerengazo zinadzandithandiza pambuyo pake kumvetsa nkhani ya Anambewe, koma ndikanayamba ndi nkhaniyo, ku Zomba ndikanapita ndi funso lenileni.

Chimene chinatsegula njira chinali chotsika mtengo kwambiri. Malume awo a mkazi wanga, amene ndi mkulu wa mpingo, anandifunsa ngati ndinaonapo mabuku a kutchalitchi kwathu. Mishoni ya Nkhoma inayamba mu 1896, anatero, ndipo mipingo yambiri ya m'dera limenelo ili ndi mabuku akale a ubatizo, a maukwati ndi a anthu a m'kalasi. Ndinapita Loweruka lina mu May. Mlembi wa mpingo anatulutsa mabuku anayi m'kabati, ena chikuto chitachoka, masamba ena chiswe chitadya m'mphepete. Tinapeza ubatizo wa bambo anga, 1954, ndipo pa dzina la bambo wa mwana panali dzina la agogo, lotsatana ndi Phiri. Ndinamwetulira. Kenako mlembiyo, mwa chidwi chake chabe, anatsegula buku lakale kuposa pamenepo, la anyamata a m'kalasi a m'ma 1930. Anaima pa mzere wina n'kunditembenuzira bukulo. Dzina loyamba linali la agogo, mudzi unali wa agogo, koma mfunda unali Mbewe.

Kulira kwa pasiwa kuja kunandibwerera m'makutu nthawi yomweyo. Ndipo ndinadzifunsa funso limene mwana wa sitandade 3 akanafunsa kalekale: zitheka bwanji kuti munthu ndi mlongo wake, a bambo mmodzi ndi mayi mmodzi, wina akhale Phiri wina Nambewe? Moyo wanga wonse ndinkamva anthu akuti Anambewe, Anambewe, osaganizapo. Chifukwa china n'chakuti kwathu ukwati ndi wachikamwini: bambo anakulira kwa amayi awo, ndipo kwawo kwa agogo aamuna, kutsidya kuja, ife tinkangopitako pamaliro.

Ulendo woyamba wa kutsidya ndinauononga ndekha. Ndinabwereka galimoto ya mnzanga, ndinavala jekete, ndinanyamula kope ndi cholembera, n'kukafikira kwa amfumu. Posakhalitsa pabwalo panadzaza amuna. Anaitanitsa Anambewe, anawakhazika pamphasa pakati pa gulu, ine n'kuyamba kufunsa ngati wapolisi. Gogoyo anayang'ana pansi n'kuti, "Zakalekale zimenezo, ine mutu unatha." Ndinamva pambuyo pake kuti mudzi wonse unagona ukunena kuti mwana wa m'tauni wabwera kudzalanda dimba la kudambo, ena amvekere akufuna ufumu. Kumudzi munthu safunsa za mibadwo popanda chifukwa. Akafunsa, kawirikawiri kumbuyo kwake kuli munda kapena mpando. Muyambe mwauza mwini mbumba chimene mukufuna ndi chimene simukufuna, ndipo munene momveka kuti za malo mulibe nazo gawo. Kwa amfumu kapatseni moni, inde, koma nkhani ya m'banja si ya pabwalo.

Ulendo wachiwiri anaukonza ndi mkazi wanga, mu July, anthu atakolola. Tinakwera minibasi, kenako kabaza. Tinatenga shuga, mchere, sopo, chitenje ndi kabotolo ka mafuta ophikira, zonse pamodzi zosafika K15,000. Kope anandiletsa. Tsiku loyamba sitinafunse kalikonse. Iye anathandiza kusinja, ine ndinakonza chitseko cha khola la mbuzi. Tsiku lachiwiri madzulo tinakhala pakhonde tikutong'ola chimanga m'lichero, ndipo mkazi wanga anangoti, "Agogo, njala ya 49 inakupezani muli wamkulu bwanji?"

Apa mpamene ndinaphunzira kufunsa. Okalamba musawafunse chaka. Afunseni ngati zinachitika dzombe lisanabwere kapena litapita, nkhondo ya Hitler isanayambe, njala ya 1949 itatha, nthawi ya chitaganya, kapena Kamuzu atabwera mu 1958. Zaka mudzaziika nokha kunyumba.

Anambewe anati njalayo inawapeza atatha msinkhu, ndipo achimwene awo anabwera chaka chotsatira, atavala chipewa ndi nsapato, atanyamula sutikesi yachitsulo. Anali atachoka iwo ali kamwana kosadziwa kanthu, moti anawathawa powaona. Kenako anasiya kutong'ola, anandiyang'ana, n'kunena mwanthabwala ya agogo ndi mdzukulu, "Amunanga, mwayendayenda mokwanira? Khalani pansi tsono ndikuuzeni."

Agogo anachoka ali mnyamata, dzombe litangodutsa, pamodzi ndi mnzawo wa mudzi woyandikana nawo, wa kwa a Phiri. Mnzawoyo anali wamkulupo, anali atagwirapo kale ntchito ku mafamu a fodya ndipo anali ndi chitupa. Agogo analibe kalikonse, ngakhale chiphaso cha msonkho. Anayenda wapansi kudzera kwa Apwitikizi, kulowera ku Tete kukaoloka Zambezi, njira imene ambiri ankadzera popita ku Mtoko mpaka ku Salisbury. Asanafike pamtsinje mnzawo uja anadwala malungo. Anamudwazika masiku anayi m'mudzi wa anthu osawadziwa, ndipo anamwalira. Anamuika m'mbali mwa njira, anthu a m'mudzimo atathandiza kukumba. Agogo anatsala okha, kutsogolo kosadziwika, kumbuyo kuli msonkho. Anatenga chitupa cha malemuyo n'kupitirira. Kuyambira tsiku limenelo, kwa kapitawo, kwa mzungu, kwa wapolisi, iwo anali Phiri.

Mpaka apa ndinkamvetsera ngati nthano yokoma. Chotsatira ndi chimene banja lathu linakhalira chete zaka 70.

Agogo sanatumize uthenga wa maliro. Ankaopa kuti akanena, za chitupa zidziwika. Ndiye anthu obwerera kumudzi ankati akafunsidwa, ankayankha kuti dzina limenelo alimva, mwini wake ali moyo, akugwira ntchito pa famu ina cha ku Mazoe. Mayi wa malemuyo anakhala zaka zoposa khumi akudikira mwana amene anali m'manda. Ankati ndi mtchona chabe, tsiku lina adzatulukira. Chaka chilichonse ankasunga nkhuku yoti adzamuphere. Anambewe anati amawakumbuka mayiwo, ankakonda kukhala pa chulu cha kunjira dzuwa likamalowa.

Agogo atabwera anagona masiku awiri osatuluka m'nyumba. Tsiku lachitatu anatuma malume awo kukanena. Mlandu unakambidwa kwa amfumu, maliro analiridwa ngati achitika dzulo, anthu anameta, ndipo akwathu analipa mbuzi zitatu. Pamapeto agogo ananena kuti dzinalo alisiya, abwerera ku Umbewe wawo. Mayi aja anakana. Mawu awo, monga anandiuzira Anambewe, anali akuti: dzina la mwana wanga wadya nalo zaka zonsezi, lero ukufuna ulitaye kuti afe kawiri? Ulisunge, ndipo undisunge ine. Agogo anawalimira munda mayiwo, anawafolerera nyumba chaka ndi chaka mpaka anamwalira, ndipo ana awo onse anawalembetsa kusukulu ndi kutchalitchi ngati a Phiri.

Sindinagone usiku umenewo. Ndinali ndi manyazi chifukwa cha agogo, ndinali ndi chisoni chifukwa cha mayi wa pachulu uja, komanso penapake ndinkawanyadira agogo omwewo, kuti anabwerera n'kukaima pabwalo pamene akanatha kungokhala ku Harare mpaka imfa ngati anzawo ambiri. Ndinakumbukanso feremu ija n'kuseka ndekha mumdima. Konzekani zimenezi: mukakumba dzina, chimene chituluke sichidzakufunsani ngati mwachikonda. Azakhali anga ena mpaka lero sandilankhula bwino, akuti ndinafukula zimene akuluakulu anakwirira.

Kulakwa kwanga komaliza ndi kumene kumandipweteka kwambiri. M'mawa mwake ndinapempha Anambewe kuti abwereze nkhaniyo ndijambule mawu pa foni, ndipo anavomera. Analankhula mphindi zoposa 50, anatchula mayina a amayi awo, a agogo awo aakazi, a mudzi umene mbumba yawo inachokera isanadzakhale kumeneko, anaimbanso kanyimbo kamene achimwene awo anabwera nako. Ndinati ndikafika ku Lilongwe ndikasungira pa kompyuta. Sabata inatha, mwezi unatha. Mu September foniyo anandisolola m'thumba pokwera minibasi. Ndinati palibe kanthu, ndidzapitanso pa Khirisimasi. Pa Khirisimasi mvula inadula njira ndipo ndalama zinapita ku fizi. Anambewe anamwalira mu February 2020. Zimene ndalemba panozi ndi zimene ine ndi mkazi wanga tinakumbutsana titakhala pansi ndi kope. Mayina awiri a kuchikazi anatisokonekera, ndipo kanyimbo kaja katsala mzere umodzi. Mukajambula mawu a wokalamba, atumizeni tsiku lomwelo kwa abale awiri kapena atatu, ndipo mulembenso pamanja musanagone.

Ndikawerengera zonse, ndinaononga ndalama zopitirira K300,000. Zimene zinabala kanthu ndi K5,000 imene ndinathokoza nayo mlembi wa mpingo, katundu wa K15,000 uja, ndi thiransipoti ya ku Dedza.

Mng'ono wanga atamva nkhaniyi anafuna kuti tonse tisinthe dzina tikhale a Mbewe. Tinafufuza n'kupeza kuti ndi ntchito yaikulu: chitupa cha unzika chimene tinalembetsa mu 2017, satifiketi ya MSCE, pasipoti, mabuku a kubanki, zonse zili pa Phiri, ndipo pafunika kulumbira kwa loya ndi kuyenda m'maofesi ambiri. Koma chimene chinandiletsa ine si mapepala. Mayi uja anapempha kuti dzinalo lisatayidwe, agogo anavomera pamaso pa anthu, ndipo ine sindikuona kuti ndili ndi mphamvu yomasula zimene anamanga awiriwo. Mng'ono wanga sanagwirizane nane. Mwana wake wobadwa chaka chatha anamulembetsa Mbewe, ndipo sitinakangane.

Chaka chathachi ndinalimba mtima n'kupita ku mudzi wa a Phiri enieniwo, nditaperekezedwa ndi mwini mbumba wa kutsidya. Ndinkaopa kuti atithamangitsa. Anatiyalira mphasa, ndipo gogo wina wamwamuna, mdzukulu wa mayi uja, anati nkhaniyo amaidziwa bwino, koma ife taimva mokhota: mbuzi sizinali zitatu monga ananenera Anambewe, zinali ziwiri, yachitatu akwathu analonjeza ndipo sinafike. Anthu onse anaseka, inenso ndinaseka, koma iye sanaseke kwambiri. Ndamuuza mng'ono wanga kuti tisonkherane. Mbuziyo tikukapereka mu August, ndipo mwana wanga wamkulu, amene anayambitsa zonsezi ndi funso lake, ndi amene akaikoke chingwe.